Buku la Pansi pa Mwala

Chaka chimene ndinkadikira kalata ya ku sukulu ya udokotala, amalume anga anatopa kundiona pakhomo pawo ku Chipata. M'mawa ndinkakhala kumadzulo kwa mtengo wa mango, madzulo kum'mawa kwake, ndipo ntchito yanga yonse inali yosuntha mpando. Tsiku lina anaima patsogolo panga nati, "Udokotala sayambira pampando. Kuchigwa kuli kiliniki ikusowa manja." Patatha sabata ndinakwera minibasi ya ku Mfuwe, ndinatsikira panjira, ndipo njinga yamoto inandipititsa kudera la Msoro. Msewu wake unandigwedeza moti nditatsika, mano ena anali atasinthana malo. Ndikulumbira. Mpaka lero ndimatafunira kumanzere.

Kilinikiyo inali ya zipinda zitatu, khonde lalitali ndi mtengo wa msikizi pabwalo. Antchito anali awiri. Woyamba anali namwino, M'bemba wa ku Kasama, amene tonse tinkamutchula kuti asisita. Wachiwiri anali mayi wa komweko amene papepala ankalembedwa kuti wosesa, koma ankasesa, kumanga zilonda, kutanthauzira Chikunda, chilankhulo cha kumeneko, kuthamangitsa mbuzi ndi kutonthoza olira. Ndinkawatchula kuti amayi a tsache. Ine ndinali wachitatu, wongodzipereka. Anandipatsa sikelo, makina oyezera kuthamanga kwa magazi, amene kumeneko aliyense amangoti bipi, ndi koti yoyera imene wina anaisiya. Kotiyo inali yaikulu moti ndikatembenuka, iyo inkatsala ikuyang'anabe kutsogolo.

Za kutentha kwa kuchigwa anthu amanena, koma amachepetsa. Mu Okutobala ndinaona ndi maso angawa mbuzi ikupempha mthunzi kwa mbuzi inzake, inzakeyo n'kukana. Kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi tinkakasunga mumtsuko wa madzi, chifukwa tikakaiwala pathebulo kankanena kuti thebulo lili ndi malungo. Amene akukayika apite akafunse. Thebulolo likadalipo, ndipo linachira.

Koma chimene chinkandivuta sikunali kutentha. Anthu a kumeneko Chinyanja amachidziwa bwino, koma kwa ine ankachigwiritsa ntchito ngati mbale ya alendo: amaitulutsa mlendo akafika, akadya amaitsuka n'kuibwezera mu kabati. "Muli bwanji, adokotala." "Ndili bwino, kaya inu." Zatha. Akatembenukira kwa anzawo ankalowa m'Chikunda, ndipo kuseka konse kunkachitikira m'menemo. Ndinkamva mawu apa ndi apo, koma nthabwala ikafika pamene pali mafuta, ine ndinali nditatsala kale.

Ndinkayembekezera zambiri kwa asisita. Mwambo umati Mngoni ndi M'bemba akakumana azinyozana mpaka atope, ndipo palibe wokwiya. Ine, monga Mngoni, ndinachoka ku Chipata nditalongedza zonyoza za Abemba odya anyani, zokwanira chaka chathunthu. Koma munthu amene amaona odwala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, yekha, alibe mphamvu zonyozera wina. Anandinyoza kamodzi kokha, tsiku loyamba: "Iwe wodya mbewa, sikelo ili uko." Ndinasangalala kwambiri. Ndinakhala miyezi ndikudikira chitonzo chachiwiri.

Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri, pakati pa makatoni a maneti a udzudzu. Foni inkagwira pamwamba pa chulu chimodzi chokha, kuseri kwa chimbudzi. Lamlungu masana ndinkakwera pachulupo kukaona ngati kalata ya sukulu yatuluka kapena ngati wina wandikumbuka. Anzanga a ku sekondale anali atabalalika kale, ena ku Lusaka, ena m'maukwati. Uthenga umene unkabwera mokhulupirika unali wa kampani ya foni, wondiuza kuti ndigule mayunitsi. Mwezi wachiwiri ndinayamba kuuyankha.

Tsopano ndifotokoze za mabuku, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Wodwala aliyense ankakhala ndi kabuku kake, kope la kusukulu lodula pakati, mmene asisita ankalembamo matenda ndi mankhwala. Anthu sankaima pamzere. Ndani angaime pamzere padzuwa limene limadwalitsa thebulo? Pakhonde panali mwala wosalala, waukulu ngati mutu wa mwana. Munthu akafika ankanyamula mwalawo, kuika buku lake pamwamba pa mabuku a amene anafika kale, kubwezera mwala, n'kupita kukakhala pansi pa msikizi. Mabuku ndi amene ankaima pamzere, eni ake akupuma. Ikakwana eyiti, amayi a tsache ankatenga muluwo n'kuyamba kuitana mayina. Ine ndinkakhala pambali ndi sikelo yanga, kudikira amene waitanidwa. Ndinkaona zimenezi tsiku lililonse, ndipo ndinkaganiza kuti ndaziona.

Dzina loyamba kuitanidwa, Lachinayi lililonse lachiwiri, linali la bambo wina wachikulire amene kale anali khukhi, wophikira alendo oona nyama ku loji ina ya ku Chinzombo. Anali ndi bipi yovuta. Zaka za m'mbuyo inawagwetsapo kamodzi, pakamwa n'kupotoka. Pakamwapo panabwerera, koma mwendo wakumanzere unatsala ukukokera pansi. Asisita ankawapatsa mankhwala a masabata awiri okha, kuti azibwera kudzayezedwa pafupipafupi. Kwawo kunali kutsidya kwa dambo, ulendo wa maola atatu ndi mwendo umenewo, choncho ankanyamuka tambala woyamba akulira. Buku lawo analikuta ndi pepala la pulasitiki labuluu, ndipo palibe amene ankawapitirira kufika.

Tsiku loyamba kundiona anayang'ana koti yanga, kenako ine, nati, "Mwini wake wa kotiyi abwera liti?"

"Ndine ndemwe, atate."

"Ndinu dokotala?"

"Ndikudikira kalata."

"Oo. Ndinu adokotala a mawa. Chabwino, yezani. Koma musalembe za mawa, lembani za lero."

Atalandira mankhwala sanapite. Anakhala pabenchi pafupi ndi sikelo yanga, chipewa pabondo, nandiuza kuti ku loji kuja kunali mvuu imene inkabwera kukhitchini m'mawa uliwonse, ndipo ikapeza tiyi alibe shuga inkabwerera kumtsinje osatsazika. Anatero nkhope ili gwa. Ine ndinawauza za mbuzi yopempha mthunzi ija.

"Bodza," anatero.

"Ndikulumbira, atate."

"Mumalumbira bwino. Mukadzalephera udokotala mudzayese ukhansala."

Kuyambira pamenepo, masabata awiri aliwonse ndinali ndi ola limodzi la munthu. Ankandilankhula Chinyanja cha mbale ya tsiku ndi tsiku, chokhala ndi mng'alu, chonyoza. Ikakwana teni ankavala chipewa. Njira ya kwawo inkadutsa m'mitengo ya mango ya mudzi wina wakale, ndipo mango akapsa njovu zinkafika pamenepo cha m'ma fifitini, ndiye kuti 3 koloko masana. "Zimasunga nthawi kuposa aboma," ankatero. Iwo akapita, ine ndinkayamba kukonza bodza la ulendo wotsatira. Ndinkaliyeserera pachulu paja. Masiku khumi ndi atatu ndinkakhala ndikulisema, tsiku lakhumi ndi chinayi n'kulipereka.

Lachinayi lina mu Novembala, mango atapsa, amayi a tsache anapita ku maliro. Asisita anasuzumira pakhomo, magolovesi ali kale m'manja, nati, "Itana mabuku." Ndinakonza koti yanga, ndinanyamula mwala, ndinatenga buku la pamwamba n'kuwerenga dzina mokweza.

Anaimirira mphunzitsi wina wa pasukulu yapafupi, amene anali atangofika kumene, akununkhirabe sopo. Anayang'ana ine, anayang'ana anthu pansi pa msikizi, anakhosomola pang'ono ngati akupepesa, n'kubwera. Pabwalo panagwa bata. Ine ndinaganiza kuti ndi ulemu wa koti.

Chimene sindinadziwe n'chakuti amayi a tsache, asanaitane dzina loyamba, ankatembenuza mulu wonse chadodolido, buku la pansi n'kukhala pamwamba. Wofika m'bandakucha ndiye ankayamba. Mwana aliyense wa m'deralo ankadziwa zimenezi. Mbuzi zinkadziwa. Ine ndinayambira kwa wofika pomaliza, ndipo sindinachotsenso muluwo pakhonde, choncho aliyense wofika kumene ankaika buku lake pamwamba, ine n'kumuitana nthawi yomweyo. Munthu ankati akangokhala pansi, dzina lake latchulidwa. Mabuku a pansi anangokhala chigonere.

Mungafunse kuti bwanji palibe amene anandiuza. Ofika mochedwa analibe chifukwa chodandaulira. Ofika m'mawa, monga ndinadzamvera pambuyo pake, anaganiza kuti munthu wophunzira wa ku Chipata ali ndi njira yake, mwina amaona kukula kwa matenda kudzera pachikuto. Komanso munthu sudzudzula amene wagwira dzina lako m'manja. Akhoza kukuika pansi penipeni.

Apa ndiyenera kunena chinthu chimene sindinauzepo asisita. Cha m'ma teni ndinaona ngodya ya pulasitiki yabuluu itatulukira pansi pa mulu. Ndinakweza maso. Bambo aja anali atakhala patsinde la msikizi, mwendo wovuta uja atautambasula, chipewa pabondo. Mumtima china chinati, munthu uyu amayamba nthawi zonse, lero chalakwika n'chiyani? Ndikanaima pamenepo n'kufunsa aliyense, ngakhale mwana. Koma china chinayankha msanga kuti, akakhala womaliza, pabenchi sipadzakhala wodikira. Mudzacheza mpaka madzulo. Ndinali ndi bodza latsopano m'thumba, ndipo ola limodzi linali litayamba kundichepera. Za njovu ndinkazidziwa. Ndinangozikankhira pambali, monga mmene munthu amakankhira mphaka ndi phazi akudya.

Ndinawaimikira dzanja. Iwo anakweza chipewa pang'ono. Ndinaitana buku lina la pamwamba.

Itadutsa fotini, 2 koloko masana, asisita anandiitana mkati kuti ndigwire mwana amene ankamenyana ndi jakisoni. Mwanayo anali ndi mphamvu za anthu anayi ndipo anandiluma kudzera m'koti. Nditatuluka, ngodya yabuluu ija panalibe. Mwala unali utabwezeredwa bwinobwino pamwamba pa mabuku otsala. Patsinde la msikizi panali malo osalala pamene munthu anakhala maola ambiri, ndi mzere m'fumbi, wa phazi lokokera, wolowera kudambo.

Titatseka, asisita akusamba m'manja anafunsa, "Atate a bipi aja lero sanabwere?"

"Anabwera."

"Nanga?"

"Anapita ndisanawaitane."

Anasiya kusamba. "Unkaitana bwanji?"

Ndinawaonetsa ndi manja. Apa ndiye panali poyenera chitonzo chachiwiri chija, ndipo ndikanachilandira ndi manja awiri. Sananyoze. Anangoti, "Ulendo wathawu ndinawapatsa mapilisi osakwanira, katoni inali itatha. Ndiye kuti atha dzana. Munthu uja akagwanso sadzukanso."

M'mawa mwake amayi a tsache anabwera, nkhani ataimva kale panjira. Sanandipatse moni. Anatenga mabuku a pansi pa mwala, anawatembenuza ndi dzanja limodzi ngati nsomba pamoto, n'kundiyang'ana.

"Miyezi itatu ndakhala ndikuchita chonchi pamaso panu."

"Ndinkaganiza kuti mukukutumula fumbi, amayi."

"Ndiye mukupita kukaphunzira zotumbula anthu." Anapukusa mutu. "Tengani njinga yanga. Mabuleki ndi mapazi anu."

Asisita anandipatsa mapilisi m'kathumba ndi makina a bipi. Analemba nambala papepala nati makina akaposa pamenepo ndisayese zaudokotala, ndifune ngolo ya ng'ombe ndibwere nawo.

Njira ya kudambo inali yoti munthu wamiyendo iwiri yabwino angaidandaule. M'mitengo ya mango muja nthambi zinali zothyokathyoka, ndipo ndowe za njovu zinali zazikulu moti imodzi ndinaizungulira ndi njinga ngati pamphambano ya m'tauni. Imeneyonso ndi yoona, koma tsiku limenelo sindinaseke. Ndinkaona mapazi a njovu atapondaponda pamwamba pa mzere wa phazi lokokera, ndipo ndinkayesa kuwerenga kuti anadutsa ndani poyamba, ndi motalikirana bwanji. Nditayandikira mudzi ndinatsika panjinga n'kuima kumvetsera. Kwathu munthu umadziwira kutali ngati pamudzi pagwa zovuta. Ndinamva mtondo ukusinja, ndi wailesi. Ndinapuma.

Ndinawapeza atagona pamphasa m'mbali mwa nyumba, nsalu yonyowa ili pachipumi. Akazi awo anandipatsa kampando, anandipatsa moni wa mbale ya alendo, n'kubwerera kumtondo.

"Adokotala a mawa," anatero bambowo osadzuka. "Mwasochera?"

"Mutu ukupweteka, atate?"

"Muli ng'oma. Koma oimba ake ndi aulesi."

Ndinawamanga lamba wa makina pamkono. Ndinayeza kawiri. Nambala inaima pansi pang'ono pa ya asisita ija, pang'ono kwambiri, mpata woti nyerere ingadutse cham'mbali. Anamwa mapilisi ndi madzi a m'chikho. Ndinakhala nawo, ndikuyezanso pakapita nthawi, mpaka nambala inayamba kutsika. Kenako ndinawauza zonse za mulu, kuti sindinkadziwa zotembenuza, kuti ndinayambira pamwamba.

Anaseka mpaka nsalu inagwa pachipumi. "Iyi ndiye yaposa ya mbuzi ija. Munthu wodikira kalata ya udokotala, osadziwa kuti wofika poyamba amakhala pansi?"

"Ndi zoona, atate. Ndikulumbira."

"Mumalumbira bwino, ndinakuuzani kale."

Anatola nsalu ija, anaipinda, koma sanaibwezere pamutu. Atayambanso kulankhula, mawu awo anali otsika.

"Mwina poyamba simunadziwe. Koma itakwana teni munaliona buku langa. Ndinakuonani mukuliona. Munandiimikira dzanja."

Ndinayang'ana makina a bipi ngati ali ndi china choti anene.

"Ku loji kuja," anapitiriza, "kunkabwera alendo ena oyenda okha. Chakudya chikatha, munthu uja safuna kupita kuchipinda. Amabwera pakhomo la khitchini, ayambe kundifunsa mayina a mbalame. Ine miyendo ikuwawa, kunyumba akundidikira. Ndinkayankha bwinobwino, mbalame iliyonse, zina ndinkangopeka. Sanali anthu oipa. Kungoti iwo anali ndi mphamvu yondichedwetsa, ine ndinalibe yokana." Anaika nsalu ija pamphasa. "Pabenchi panu paja ndinkakhala mwa kufuna kwanga, mwana wanga. Sindinkadziwa kuti napo ndili pantchito."

Ndinapepesa. Anati zatha, ndisadandaule, ndipo anauza akazi awo kuti andithyolere mango a panjira. Ananditsazika ndi ulemu wonse. Anandikumbutsa kuti ndidutse m'mitengo muja isanakwane fifitini.

Patatha masabata awiri, buku labuluu linali pansi pa mwala monga kale. Ndinapempha amayi a tsache kuti nditembenuze ndine. Anandilola, ataima pafupi ngati munthu woyang'anira mwana wonyamula mazira. Ndinaitana dzina loyamba. Bambo aja anabwera, anavula chipewa asanafike pakhonde, nati, "Muli bwanji, adokotala."

Ndinadikira mawu otsalawo, "a mawa". Sanabwere.

Bipi inali bwino. Analowa kwa asisita, anatuluka ndi mapilisi awo. Ndinasuntha sikelo kuti pabenchi pakhale malo, ngakhale malo analipo kale.

"Benchi ilipo, atate."

Anayang'ana kumwamba, dzuwa lisanafike n'komwe pamwamba pa msikizi. "Mango apsa," anatero. "Ndiyende."

Anateronso ulendo wotsatira, ndi wotsatirawo. Mu Januwale mvula itagwa, m'mitengo mulibe ngakhale bango limodzi, njovu zitasamukira kuminda, anayang'anabe kumwamba nati mango apsa. Sanaphonyepo tsiku, sanagwenso, ndipo nambala zawo m'buku labuluu zinali zokongola, zolembedwa ndi dzanja langa. Amayi a tsache anati ndisamadzivute, munthuyo ali moyo, ndinkafunanso chiyani. Ananena zoona.

Kalata inandipeza pachulu, Lamlungu lina kumapeto kwa mwezi womwewo. Ndinaiwerenga kawiri, ndinayang'ana uku ndi uku kufuna woti ndimuuze. Panali mbuzi. Tsiku lochoka ndinapachika koti pamsomali pamene ndinaipeza. Asisita anandigwira dzanja nati, "Upite bwino, wodya mbewa iwe." Chitonzo chachiwiri chija chinabwera mochedwa, koma ndinachilandira. Linali Lachiwiri, choncho pansi pa mwala panalibe buku labuluu.

Masiku ano ndimagwira ntchito m'chipatala chachikulu, mmene mayina amatuluka pakompyuta ndipo palibe chotembenuza. Komabe ndikapeza mafayilo ataunjikidwa pathebulo, dzanja limapita lokha kukasuzumira la pansi, ndipo anamwino amandiseka. Ndikamaliza kuona wodwala wokamba nkhani zokoma, ndimamuuza msanga kuti tatha, akhoza kupita. Ena amadabwa, amaganiza kuti ndine wouma mtima.

Bodza limene ndinali nalo m'thumba Lachinayi lija linali la thebulo la malungo. Ndinalisema masiku khumi ndi atatu, ndipo bambo aja amene ndinawasemera sanalimve. Inu ndinu oyamba. Ndi loona, ndikulumbira.